Mlandu wa Mwendo Wanga Wakumanzere

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene abale anga anazenga mlandu wa mwendo wanga pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa wodi ya ana. Munali m'zaka za m'ma 1990, mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Ineyo mwini mwendo sindinaitanidwe. Ndinamvera pazenera.

Tinkakhala ku Maramba, komboni ya mu Livingstone, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Makolo anga anachoka ku Katete ine ndisanabadwe. Atate ankagwira ntchito ku njanji, m'sitima za katundu, ndipo akanyamuka ulendo wa ku migodi ankatha sabata, nthawi zina ziwiri, popanda wodziwa kuti lero ali pa siteshoni iti. Amayi ankasoka mayunifomu a sukulu pakhonde la sitolo ina mu Mosi-oa-Tunya Road. Anali munthu wa mawu ochepa, mwina chifukwa tsiku lonse ankakhala ataluma mapini.

Mlongo wawo wamkulu, amalume anga, ankalankhula zokwanira anthu awiri. Ankagwira ntchito ku khothi. Anzathu akatifunsa tinkayankha choncho basi, osapitirira. Ntchito yeniyeni inali yonyamula mafayelo kuchoka chipinda china kupita china, ndi kuima pakhonde n'kumaitana mayina a anthu a milandu, dzina lililonse katatu. Koma zaka zambiri zomvetsera pachitseko zinawapatsa Chingerezi cholemera ndi jekete ya zolembera zitatu m'thumba. M'komboni monse ankawatchula kuti ba loya, ndipo iwo sanatsutsepo ngakhale kamodzi. Amayi anakula akumva lamulo limodzi kwa mlongo wawoyo: pepala la boma usaikepo dzina lako ine ndisanaliwerenge.

Matenda anga anayamba mwachibwana. Tikusewera fulaye ndinagunda msongolo pachitsa, ndinalira pang'ono, n'kubwerera m'masewera. Patatha sabata mwendo unatupa n'kuyamba kunyezimira, thupi linatentha. Amayi anathowa ndi madzi ofunda. Ku kiliniki anatipatsa mapilitsi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabweretsa mafuta amene ankati ndi a nsato, ngakhale fungo lake linali la galaja. Tsiku limene ndinalephera kuponda pansi, n'kuyamba kuuza amayi kuti padenga pakuyenda nkhuku zovala nsapato, anandibereka kumsana, msinkhu wonsewo, mpaka pokwerera basi.

Kuchipatala chachikulu anajambula mwendowo m'mawa womwewo. Dokotala, bambo wamtali wa maso otopa, anaonetsa amayi chithunzicho pa kuwala kwa zenera, n'kunena kuti mafinya alowa m'fupa. Anati pafunika kung'amba ndi kutsuka mkati, ndipo zichitike tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Tikachedwa, matendawo alowa m'magazi, kapena mwendo udulidwa. Anasiya fomu kwa nesi wachitsikana, nesiyo anaipereka kwa amayi kuti asaine, kenako nesiyo n'kuthamangira mwana wina amene ankasanza.

Amayi anaiyang'ana fomuyo nthawi yaitali. Inali ya Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo pamwamba panali chizindikiro cha boma. Anaipinda kanayi n'kuimangirira pansonga ya chitenje. Kenako anapita pageti kukapempha mayi wina wa kwathu, wogulitsa nthochi, kuti akadzere ku khothi akauze amalume.

Amalume anafika cha m'ma leveni koloko, thukuta lili kamukamu, jekete ili pathupi. Anandigwira pachipumi, nkhope yawo inagwa pang'ono, koma atangoona pepala lija anatsitsimuka. Anaimirira pakati pa wodi n'kuyamba kuwerenga mokweza, akutanthauzira amayi mzere ndi mzere. Azimayi onse odwazika ana anasiya zimene ankachita.

"Apa akuti iwe ukuvomera," anatero amalume. "Kuvomera, mlongo wanga, ndi mawu oopsa. Ndaona anthu akuvomera m'mawa, madzulo ali pa lole ya kundende."

"Akuti amuchite opaleshoni lero, alongo," anatero amayi.

"Ndikufika kumeneko. Apa akuti amugoneka tulo. Koma alemba kuti amudzutsa nthawi yanji? Sanalembe. Waona mmene amachitira?"

Anafotokoza kuti mwa mwambo wathu iwo ndiwo mwinimbumba, ndiye osaina ndi iwo, koma sangasaine chinthu chosakwanira. Anasolola cholembera choyamba, chinakana. Chachiwiri chinakananso. Chachitatu chinali chofiira, ndipo ndi chimenecho anayamba kuwonjezera mfundo zawo m'mphepete mwa fomu. Yoyamba inali yakuti mwendo ubwezedwe ndi utali umene wabwera nawo. Pofuna umboni analamula amayi atulutse tepi yawo yosokera, ndipo amayi, misozi ili m'maso, anandiyeza kuchokera m'chiuno mpaka kuchidendene ngati akundisokera buluku. Mfundo yachiwiri inali yakuti chilichonse chochotsedwa m'mwendomo chikaonetsedwe kwa amalume. Yachitatu sindinaidziwe mpaka lero, chifukwa ali mkati moilemba munalowa azakhali.

Azakhali anali mlongo wa atate. Ankaphikira banja lina ku Highlands, ndipo anabwera epuloni ili m'chiuno, atanyamula poto wa phala la mkaka. Anamva kwa wogulitsa nthochi yemweyo, amene uthenga wa munthu mmodzi anaugawira aliyense amene anakumana naye. Anali mayi wamkulu thupi, wokulira m'tauni, wa Chinyanja cha m'tauni momwemo.

"Ba mulamu," anatero, "muchita chani na pepala ya mwana wathu?"

"Wanu?"

"Nanga ni wa ndani? Dzina ili pa khadi yake ni ya ndani? Mlongo wanga ponyamuka ananiuza kuti niyang'ane banja yake. Nipatseni nisaine."

"Alamu," anatero amalume, akuvula magalasi, "kwathu mkamwini ndi tambala wobwereka. Anapiye ndi a mwini thadzi."

"Kuno ni ku Livingstone, si ku Katete. Tambala uyo ndiye agula unga."

Mawu anakwera, khanda lina linadzuka n'kuyamba kulira, ndipo mayi wokolopa anawatulutsa onse awiri ndi chokolopera chake, osafunsa kuti loya ndi uti. Anapita kukaima pansi pa mango, pomwe odwazika matenda ankayanika matewera, pafupi penipeni ndi zenera la bedi langa. Fomu inapita nawo.

Ndinamva amalume akukonza bwalo. Anasankha azimayi atatu amene ankachapa pampopi kuti akhale oweruza, n'kuwakhazika pa benchi. Iwo anadzipatsa udindo wa loya wa mbali ya kuchikazi, komanso, popeza panalibe wina wodziwa ntchitoyo, wa woitana mayina. Anaitana azakhali katatu, mokweza, azakhaliwo ali chiimire patsogolo pawo.

"Nili pano, simuniona?" anatero azakhali.

"Yankhani kuti ndilipo, basi. Zinazo mudzanena mukafunsidwa."

Umboni woyamba wa azakhali unali makutu anga. Anauza oweruza kuti akasuzumire pazenera aone okha ngati makutu otambasuka chonchi amapezeka kwina kupatula kubanja kwawo. Mitu itatu inatulukira pazenera, inandiyang'ana mbali iyi ndi iyo, n'kubwerera. Mmodzi anati makutuwo ndi a kuchimuna ndithu.

Amalume anati mlandu si wa makutu, ndi wa mwendo. Anakwinya buluku mpaka m'bondo, n'kuonetsa bwalo msongolo wawo wopindika pang'ono, n'kunena kuti miyendo yotere ndi ya mbumba yawo kuyambira makolo, ndipo wanga ndi chimodzimodzi.

"Ehe," anatero azakhali. "Mwamvera mweka. Mwendo yodwala ni ya kwao. Kwathu kulibe mafupa yoola."

Amalume anapempha kuti mawu awo omalizawo afufutidwe. Oweruza anafunsa kuti afufute pati, popeza palibe amene ankalemba.

Ine ndinkafuna kuseka, koma kuseka kunkakoka mwendo. Ndinali ndi ludzu loopsa, chifukwa anali atandiletsa kudya ndi kumwa podikira opaleshoni. Amayi ankandipukuta nkhope ndi kansalu konyowa, n'kumapita pazenera. "Alongo, nthawi ikutha," ankatero. "Alamu, nthawi." Mawu awo ankangogwera pansi pa zenera pomwepo. Ndikukumbukira kuti nditawafunsa ngati mwendo audula, anati ayi mofulumira kwambiri moti ndinadziwa kuti sakudziwa.

Kunjako zinthu zinafika poipa chifukwa cha phala. Azakhali atamva kuti ine sindiloledwa kudya, anati chakudya chisaonongeke, n'kugawira oweruza aja m'makapu. Amalume anakuwa kuti zimenezo ndi ziphuphu, zochitika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo bwalo lonse lithetsedwe. Woweruza wina, pakamwa pali phala, anati iye maganizo ake anali atapanga kale asanalawe. Pamenepo azakhali anagwira fomu, amalume anakana kuisiya, ndipo ndinamva kuti kwee.

Fomu inali itang'ambika pakati.

Kenako aliyense anasaina chidutswa chake. Azakhali anachita kulanda cholembera chofiira chija. Analowa m'wodi motsogozana, oweruza ali pambuyo, kupita pa tebulo la sisita wamkulu, lomwe linali pafupi ndi bedi langa. Amayi anatsatira kumapeto kwenikweni.

Sisitayo anali mayi wamfupi wa imvi, wotchi ili pachifuwa. Anali atangochokera kuchipinda cha opaleshoni kudzafunsa chifukwa chimene fomu yanga sinafikire. Anayala zidutswa ziwirizo patebulo, anazilumikiza, anawerenga za inki yofiira zija mpaka pa utali wa mwendo. Sanaseke. Anayang'ana wotchi yake, kenako anayang'ana gulu lonselo.

"Anabala mwana uyu ni ndani?"

Anthu anayang'anana ngati funsolo ndi lachilendo. Amayi, kumbuyo, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Bwerani kuno, amai. Nkhalani apa."

Anatulutsa fomu ina m'kabati. Sanawapatse cholembera nthawi yomweyo. Anayamba wawafotokozera m'Chinyanja zonse zimene zinali papepalapo: kuti andigoneka ndi mankhwala, kuti mankhwalawo nthawi zina amavuta koma pali munthu amene ntchito yake ndi kundiyang'anira mpaka nditadzuka, kuti atsegula fupa n'kusiyamo kapaipi kotulutsa zoipa, kuti mwina padzafunika kubwereza, mwinanso magazi. Anafunsa ngati ali ndi funso. Amayi anafunsa ngati ndidzayendenso. Sisita anati adokotala akuyembekeza choncho, koma sangalumbire, ndipo ola lililonse lotayika likuchepetsa mwayiwo.

"Muvomera?"

"Ndikuvomera," anatero amayi.

Amalume anatsokomola. "Ba sisita, mwa mwambo wathu, mwinimbumba..."

"Ba loya," anatero sisita, "mwambo wanu niulemekeza. Pa ukwati wake mukakambe ndimwe, tsiku lonse ngati mufuna. Koma apa lamulo ifuna kholo, tate olo mai, amene alipo. Ngati kulibe kholo, amene amusunga mwana. Ngati kulibe aliyense ndipo mwana ali pafupi kufa, adokotala sayembekeza pepala. Ndipo munthu mukulu amene achedwetsa mwana kupeza thandizo, mulandu ni wake. Imwe si ndimwe muitana maina ku khothi? Muzaitana yanu katatu, na kuyankha mweka."

Oweruza aja anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi. Amalume anavala magalasi, anawavulanso. Azakhali anayamba kuseka nawo, koma sisita anawayang'ana, n'kuwafunsa kuti chidutswa chinachi anang'amba ndani, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Amayi analemba dzina lawo lonse pang'onopang'ono, zilembo zofanana ngati msoko wa m'mphepete mwa siketi. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

Sisita anati popeza abale ndi ambiri chonchi ndipo onse akufuna kuthandiza, awiri apite akapereke magazi, kuti akafunika apezeke. Amalume anaona mpata wobwezera ulemu wawo. Anavula jekete, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, n'kuuza wodi yonse kuti mwana wa mbumba yawo salandira magazi achilendo iwo ali moyo. Ananyamuka akupinda mkono wa malaya, azakhali ali pambuyo.

Zimene zinachitika kumeneko ndinaziona ndikudutsa. Akundikankha pa bedi la matayala kupita ku opaleshoni, tinadzera pakhonde la kotengera magazi. Amalume anali gone chagada pa benchi, miyendo itasanjikidwa pa katoni, maso ali kudenga. Azakhali, thonje lili pamkono, ankawakupiza ndi chivundikiro cha poto. Ndinamva pambuyo pake kuti singano inali isanawakhudze n'komwe. Anangoiona ikutuluka m'pepala lake.

"Pita bwino, mwana wanga," anakuwa azakhali. "Magazi yanga ili kale mu botolo. Ya amalume ako yakana kutuluka."

Amalume anakweza chala chimodzi ngati akufuna kutsutsa, n'kuchitsitsanso.

Pachitseko chachikulu amayi anauzidwa kuti athere pomwepo. Anandigwira chala chachikulu cha phazi labwinolo, chifukwa ndi chokhacho chimene akanatha kufikira, n'kunena kuti, "Ndili pompano." Mkatimo munali mozizira ndiponso mowala kwambiri. Bambo wina wovala chophimba kukamwa anandifunsa dzina la aphunzitsi anga, ndipo sindikudziwa ngati ndinamaliza kuyankha.

Ndinadzuka ndikusanza, mwendo ukulemera ngati wa munthu wina, utakulungidwa mpaka m'ntchafu. Amayi anali pomwepo. M'mawa mwake dokotala anawauza kuti fupa linali litayamba kuonongeka, koma analipeza nthawi ikadalipo, ngakhale sinali yambiri. Magazi sanafunike. Azakhali atamva kuti botolo lawo lapita kwa munthu wina, anakhumudwa masiku awiri, kenako anayamba kuyang'anitsitsa odwala m'makonde, kufuna kuona amene wayamba kuoneka wamphamvu.

Amalume ankabwera tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro, koma ankakhala phee kumapazi kwa bedi, akusenda lalanje. Sindinkawakonda ali chete choncho.

Pa bedi loyandikana ndi langa panali kamtsikana ka zaka zitatu kotupa mimba. Amene ankakadwazika sanali mayi ake. Anali mayi wa nyumba yoyandikana nawo ku Libuyu, amene anangokatenga mayi ake atamwalira, bambo ake osadziwika kumene ali. Madokotala ankafuna kukatumiza ku Lusaka, koma panafunika kalata ya ku ofesi yoona za umoyo wa ana yonena kuti mayiyo ndiye akukasunga ndipo angathe kuyenda nako ndi kukasainira kumeneko. Anali atapitako kawiri, n'kupeza chitseko chotseka. Tsiku lina ankafotokozera amayi zimenezi akulira, amalume ali pomwepo ndi lalanje lawo.

"Munapita nthawi yanji?" anafunsa amalume.

"M'mawa, bambo."

"M'mawa a ku ofesiyo amakhala ali ku khothi, pa milandu ya ana. Ndimawaona ine. Muyenera kupita thu koloko, ndipo musagogode chitseko cha kutsogolo, chimenecho chinafa loko. Mudzere kumbuyo. Muli ndi khadi ya mwanayu? Kalata ya maliro a mayi ake? Wapampando wa m'dera lanu akudziwani?"

Mayiyo anali ndi khadi yokha. Amalume anapukuta manja, anaimirira, anakonza jekete. Masiku awiri anayenda naye m'tauni monse, ku Libuyu, ku ofesi iyi ndi iyo, amayi akuyang'anira ana tonse awiri. Ankadziwa khomo lililonse, kalaliki aliyense, ndiponso amene ali ndi kiyi wa kabati ya chidindo. Tsiku lachitatu analowa m'wodi atanyamula kalata m'manja awiri, n'kuiika pa tebulo la sisita.

Sisita anaiwerenga mpaka pansi. "Apa mwasebenza, ba loya," anatero.

Amalume anayankha kuti ndi zazing'ono, koma anatuluka m'wodimo akuyenda ngati pali gulu la nyimbo pambuyo pawo. Kamtsikanako kanapita ku Lusaka sabata yomweyo. Sitinamvenso za iko, ndipo mpaka lero ndimakaganizira.

Atate anafika tsiku lachisanu ndi chimodzi, masana, molunjika kuchokera ku siteshoni, ovololo ili ndi girisi, thumba la mbatata lili paphewa. Pakati pa siteshoni ndi chipatala anali atamva nkhani zitatu: kuti mwendo wanga adula, kuti amene anachitidwa opaleshoni ndi amalume, ndiponso kuti azakhali amangidwa chifukwa chong'amba katundu wa boma. Sanapereke moni kwa aliyense. Anatsitsa thumba, anafika pa bedi langa, anakweza bulangeti n'kuyang'ana.

"Iwiri," anatero.

Anakhala pansi, pasimenti, msana atatsamira bedi, n'kubisa nkhope m'chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Inali nthawi yoona odwala, choncho amalume ndi azakhali anali pomwepo, ndipo onse awiri anayamba kuwafotokozera nthawi imodzi, wina khutu ili, wina khutu linalo, aliyense akuyambira poyambira pake. Atate ankagwedeza mutu uku ndi uku. Nkhani isanafike n'komwe pa phala, mutu unaleka kugwedezeka, ndipo tinamva mkonono.

Amayi anawavula majombo, anawakankhira kunsi kwa bedi langa, n'kupempha awiriwo kuti akapitirizire panja. Kenako anatenga kayunifomu kamene ankapinda m'mphepete ndi singano ya pamanja, n'kundipatsa mapini kuti ndiwagwirire.